Injini Imadya Mpweya: Mbiri ya Turbo Kuchokera ku Switzerland Mpaka pa Lirangwe



Aliyense amene amayenda mumsewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Blantyre amaudziwa utsi wakuda bii umene malole ndi maminibasi ena amalavula akamakwera zitunda za ku Mdeka, Lirangwe ndi Matindi. Ambirife tikauona timangoti galimotoyo yatha, kapena timati dizilo wa masiku ano ngwachabechabe. Palinso madalaivala ena amene amaunyadira utsiwo, ati ndi umboni woti injini ikukoka. Lero ndati tikambirane mbiri ya chipangizo chimene amakaniko amachitcha turbo, chifukwa mbiriyi ikutiuza zina. Utsi wakuda ndi dizilo amene wasowa mpweya woti apse nawo. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri a mainjini akhala akulimbana ndi funso limodzi: tingaulowetse bwanji mpweya wambiri mu injini, nanga malire ake ali pati? Yankho limene anapeza, ataononga mainjini ambiri komanso ndalama zankhaninkhani, ndi limene ife kuno timalinyalanyaza tikamasinthasintha magalimoto athu.

Injini ndi mbaula

Tiyambe ndi zimene mayi aliyense wophika pa mbaula amadziwa. Makala akamangofuka osayaka, simuthirapo makala ena, mumakupiza. Makolo athu osula makasu ndi nkhwangwa anali ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ndipo ankadziwa kuti chitsulo chimafiira chifukwa cha mphepo ya mvukutowo. Injini ya galimoto nayo ndi moto umene watsekeredwa m'chitsulo, choncho lamulo lake ndi lomwelo.

Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikaziika m'malita, lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Chifukwa chake nchoti mu mpweya umene timapumawu, gawo limene limayatsa moto, lotchedwa okosijeni, ndi magawo 21 okha pa magawo 100 aliwonse. Dizilo ndiye amafuna mpweya woposa pamenepo kuti apse popanda mwaye. Apa mukuona kuti kuthira mafuta mu injini nkosavuta. Ntchito yaikulu ili pa kulowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi.

Injini yopanda turbo imayamwa mpweya yokha pisitoni ikamatsika. Titenge injini ya malita 3, ngati zimene zili m'maminibasi ambiri. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, singayamwe kuposa malita 4,500 a mpweya pa mphindiyo, chifukwa silinda iliyonse imadzaza kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ngakhale dalaivala aponde moto mpaka pansi, malire ake ndi amenewo.

Palinso vuto lina. Munthu akamakwera kumtunda mpweya umapepuka, ndipo kukatentha umapepukanso. Injini yopanda turbo imataya gawo limodzi pa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera. Bwalo la ndege la Chileka lili pamtunda wa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mzinda wa Blantyre uli pa mamita opitirira 1,000. Ndiye kuti lole yopanda turbo yonyamula katundu kuchokera ku doko la Beira imayamba ulendo ili ndi mphamvu zake zonse, koma pofika pa Kameza imakhala itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, pamene katundu ali yemweyo. Onjezeranipo dzuwa la mwezi wa October la ku Lirangwe, muona chifukwa chake magalimoto amalira pa zitunda zimenezi.

Maganizo a Alfred Büchi

Munthu woyamba kulembetsa mwalamulo nzeru ya turbo anali Alfred Büchi wa ku Switzerland, m'chaka cha 1905. Mkuluyu, amene anagwira ntchito ku kampani ya Sulzer mumzinda wa Winterthur, anaona kuti mphamvu yambiri ya mafuta imangotuluka ndi utsi wotentha wa ku ekizozi. Ndiye anaganiza zoika kagudumu ka mapiko m'njira ya utsiwo kuti kazizunguzidwa, ndi kukalumikiza ndi kachitsulo ku kagudumu kena kamene kamakankhira mpweya wabwino mu injini. Mwachidule, anapanga mvukuto woyendetsedwa ndi utsi wa moto womwewo umene ukukupizidwa.

Nzeruyo inali yabwino koma inatenga zaka pafupifupi 20 kuti igwire ntchito bwino, poti nthawi imeneyo kunalibe zitsulo zopirira kutentha kwa utsi. Zinatheka cha m'ma 1925 pa sitima ziwiri za pamadzi za ku Germany, Preussen ndi Hansestadt Danzig. Mainjini ake a dizilo, amene ankatulutsa ma horsepower 1,750, anafika pa 2,500 ataikidwa turbo. Kukula kwa injini kunali komweko. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa mpweya wolowamo, ndipo mpweyawo utachuluka mpamene anaonjezera dizilo. Dongosolo limeneli mulisunge: mpweya poyamba, mafuta pambuyo.

Ndege ndi bwalo la Chileka

Amene anavutika kwambiri ndi kupepuka kwa mpweya anali oyendetsa ndege. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, katswiri wa ku France, Auguste Rateau, anayesa kuika turbo pa mainjini a ndege zankhondo. Ku America, Sanford Moss wa kampani ya General Electric anachita zodabwitsa mu 1918. Anatenga injini ya ndege yotchedwa Liberty nkuikweza pamwamba pa phiri la Pikes Peak, lotalika mamita 4,300. Kuti mumvetse, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Injini imene pansi inkatulutsa ma horsepower 350 inangotulutsa pafupifupi 230 pamwambapo. Ataiika turbo inabwerera pa 356. Apa dziko linaona kuti turbo ingathe kubweza mphamvu imene phiri lalanda.

Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo, chifukwa takhala tikuimva ikulira pamwamba pa madenga athu. Kampani ya Central African Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1946, inkatera pa Chileka ndi ndege monga Dakota ndi Beaver. Mainjini a ndegezi anali ndi chokankhira mpweya chotchedwa supercharger, chimene chimasiyana ndi turbo poti chimazunguzidwa ndi magiya a injini m'malo mwa utsi. Kuyambira mu 1956 kunabwera Vickers Viscount, yokhala ndi mainjini a Rolls-Royce Dart. M'kati mwa injini ya mtundu umenewu mulibe mapisitoni. Muli magudumu opanikiza mpweya kutsogolo, malo oyatsira mafuta pakati, ndi magudumu ozunguzidwa ndi utsi kumbuyo. Tingati ndi turbo yaikulu imene yasanduka injini payokha. Amene anakhamukira pa Chileka pa 6 July 1958 kukachingamira Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala m'nthawi imene ndege za mapisitoni zinkayamba kusiyira malo ndege zatsopanozi.

Chitsanzo chabwino koposa ndi Vickers VC10 imene Air Malawi inagula mu 1974 nkumaulukira nayo ku London. Ndegeyi inapangidwa mwadala kuti izitha kunyamuka pa mabwalo aafupi, otentha ndi okwera, ngati a mu Africa muno. Anaipatsa mapiko otha kunyamula bwino ndi mainjini anayi amphamvu kumchira, podziwa kuti pamalo ngati Nairobi kapena Chileka mpweya ndi wopepuka. Mpaka lero woyendetsa ndege asananyamuke amawerengera kutentha kwa tsikulo ndi kukwera kwa bwalo, ndipo masamu akakana, katundu wina amatsala pansi. Sakangana nawo mpweya. VC10 ija itasiya kuuluka inakhala zaka zambiri itaimikidwa pa Chileka mpaka anaiphwasula m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri amene anakulira m'derali akuikumbukira.

Njanji ya pa Lirangwe ndi malole

Turbo inafika pa nthaka ya Lirangwe kudzera pa njanji. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene imadutsa pa Lirangwe, inatsegulidwa mu 1935, ndipo kwa zaka zambiri sitima zake zinali za malasha ndi nthunzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera mitu ya sitima ya dizilo yopangidwa ku Britain, yokhala ndi mainjini a Sulzer, kampani yomwe ija imene Büchi ankagwirako ntchito. M'zaka za m'ma 1970 kunabweranso mitu ina yochokera ku Montreal m'dziko la Canada. Yonseyi inali ndi turbo.

Amene anaonapo sitima za ku Canada zija zikunyamuka pa siteshoni akudziwa utsi umene zinkatulutsa kwa kanthawi, kenaka nkuyera. Chimachitika nchoti woyendetsa akatsegula mafuta, dizilo amafika nthawi yomweyo, pamene turbo imatenga timasekondi tingapo kuti ithamange ndi kubweretsa mpweya wokwanira. M'timasekondi timeneti dizilo amachuluka kuposa mpweya, nchifukwa chake utsi umada. Turbo ikangofika pa liwiro lake, utsi umatha. Sitima imeneyi inkaphunzitsa sayansi kwaulere kwa aliyense woima m'mbali mwa njanji.

Ku malole, kampani ya Saurer ya ku Switzerland ndiyo inayamba kuika turbo mu 1938, ndipo Volvo ya ku Sweden inayamba kugulitsa malole a turbo mu 1954. Lero lole yaikulu iliyonse imene ikudutsa pa Lirangwe kuchokera ku Mwanza kapena ku Lilongwe ili ndi turbo. Kaphokoso kangati kherere kamene mumamva ikamakwera chitunda ndi komweko.

Zimene mipikisano inaphunzitsa

Malire a mpweya anaonekera poyera m'mipikisano ya magalimoto, kumene anthu amafuna mphamvu yonse imene chitsulo chingapereke. Mu 1952 kampani ya Cummins inalowetsa galimoto ya dizilo ya turbo mumpikisano wa Indianapolis 500 ku America. Poyeserera, dalaivala wake Fred Agabashian anathamanga liwiro loposa makilomita 220 pa ola, nkupatsidwa malo oyambira patsogolo. Koma patsiku la mpikisano galimotoyo inalephera isanafike ndi theka lomwe. Pakamwa pa turbo panali pafupi ndi msewu, ndiye inkameza tizidutswa ta matayala ndi zinyalala mpaka inatsekeka. Injini yonse inali bwinobwino, koma inafa chifukwa khomo lolowera mpweya linatsekeka.

Mu 1962 kampani ya General Motors inatulutsa magalimoto ang'onoang'ono oyamba a turbo ogulitsa kwa anthu wamba, Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder. Apa panaoneka vuto lachiwiri, la kutentha. Amene anapopapo njinga akudziwa kuti pampu imatentha, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha. Mpweya wotentha umachititsa petulo kuphulika nthawi yake isanakwane, zimene zimaswa mapisitoni. Jetfire inali ndi kathanki ka madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa methanol oziziritsira mpweyawo, koma eni magalimoto ankaiwala kuthiramo, ndipo patangotha zaka ziwiri anasiya kuipanga. Yankho lokhalitsa linadzakhala intercooler, chipangizo chooneka ngati rediyeta chimene chimaziziritsa mpweya usanalowe mu injini.

Mu 1977 Renault inalowetsa turbo mumpikisano wa Formula One. Poyamba galimoto yawo yachikasu inkangophulika ndi kufuka, moti Angerezi anaipatsa dzina lachipongwe loifanizira ndi ketulo ya tiyi. Koma pa bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, limene lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, magalimoto opanda turbo ankabanika pamene Renault inkapuma bwino, ndipo René Arnoux anapambana kumeneko mu 1980. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, injini ya malita 1.5 okha, yofanana kukula ndi ya Corolla, inkatha kupitirira ma horsepower 1,000. Injini zimenezi zinkagwira ntchito maola ochepa kenaka nkuphwasulidwa, ndipo akuluakulu a mpikisano analetsa turbo kuyambira mu 1989 mpaka pamene inabwereranso mu 2014. Ku Kenya nako, mumpikisano wa Safari Rally umene umadutsa m'mapiri ndi m'fumbi, Toyota Celica ya turbo inapambana zaka zitatu zotsatizana, 1984, 1985 ndi 1986.

Bowo la mamilimita 34

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri pa zonsezi ndi ya chaka cha 1995. Bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, la FIA, linkafuna kuchepetsa liwiro la magalimoto a rally pofuna kupewa ngozi. Njira imene linasankha inali yokhudza mpweya basi. Linalamula kuti mpweya wonse wolowa mu turbo uzidutsa pa bowo la mamilimita 34. Kukula kwake kuli ngati batire lalikulu lija la tochi kapena wailesi.

Nanga bowo lingaletse bwanji injini yamphamvu? Mpweya ukamadutsa pamalo opapatiza umathamanga kwambiri. Koma ukafika pa liwiro limene phokoso limayendera, pafupifupi mamita 340 pa sekondi, suthanso kuonjezera liwiro pa bowopo. Kaya turbo iyamwe motani kuseri kwake, mpweya wodutsa ndi womwewo. Pa bowo la mamilimita 34 pamadutsa makilogalamu pafupifupi 13 a mpweya pa mphindi, ndipo mpweya umenewu umakwanira ma horsepower pafupifupi 300. Zili ngati kalasi ya ana 120 yokhala ndi khomo limodzi belu likalira. Akumbuyo angakankhe bwanji, pakhomo pamadutsa awiriawiri, ndipo kukankhako kumangobweretsa thukuta ndi kuvulazana.

Gulu la Toyota Team Europe linadziwa kuti palibe njira yogonjetsera bowolo, ndiye linaganiza zolizemba. Linapanga chipangizo chimene chikamangidwa pa galimoto chinkatsegula kampata ka mamilimita 5 m'mbali mwa bowo lija kuti mpweya wina uzidutsa mobisa, koma oyendera akachimasula kuti achione, kampatako kankatsekeka kokha. Anagwidwa pa mpikisano wa Catalunya ku Spain mu 1995. Analandidwa mapointi onse a chakacho ndi kuletsedwa kupikisana nawo kwa chaka chathunthu. Taganizani, akatswiri okhala ndi ndalama ndi makina onse analephera kudutsitsa mpweya wambiri pa bowo laling'ono mpaka anachita kubera. Nanga ife ndi sipanala pansi pa mtengo wa mango tingalamule mpweya?

Turbo m'magalaja athu

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene malonda anamasulidwa ndipo magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa ambiri kudzera ku Durban ndi Dar es Salaam, turbo inafika m'manja mwa munthu wamba. Ma Hiace akale a injini za 3L ndi 5L alibe turbo. Injini ya 1KZ-TE, imene inatuluka mu 1993, ili nayo, chimodzimodzinso 1KD ndi 2KD zimene zinabwera pambuyo pake. Mwini minibasi amafuna ndalama ya tsiku, dalaivala amafuna kupitirira mnzake kuti akayambe ndiye kunyamula anthu pa Lunzu, ndiye onse amapita kwa makaniko ndi pempho limodzi, lakuti galimoto izikoka. Tiyeni tiutsate mpweya paulendo wake kuti tione pamene zinthu zimalakwikira.

Khomo loyamba ndi sefa ya mpweya, imene amakaniko amati air cleaner. M'misewu yafumbi ya kumidzi ya ku Chileka ndi Lirangwe sefayi imatsekeka msanga, ndipo galimoto imayamba kufooka ndi kufuka. Ena m'malo mogula ina amaiboola kapena kuichotseratu. Kwa masiku ochepa galimoto imaoneka ngati yachira. Koma kagudumu ka turbo kamazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi, ndipo pa liwiro limenelo fumbi limadya mapiko ake ngati mchenga wotsukira mapoto. Fumbi lotsala limakakanda masilinda. Zimene zinaonekera galimoto ya Cummins mu 1952 zimachitikanso kuno, kungoti pang'onopang'ono.

Khomo lachiwiri ndi turbo yeniyeniyo. Turbo iliyonse ili ndi mlingo wa mpweya umene ingadutsitse. Pofuna kuiteteza, opanga anaikapo kachitseko kotchedwa wastegate, kamene kamatseguka ndi kupatutsa utsi wina mpweya ukapanikizika mokwanira. Ena amakamanga ndi waya kuti kasatseguke. Zikatero turbo yaing'ono imathamanga mopitirira muyezo, ndipo pakamwa pake pamachitika zomwe zija za bowo la mamilimita 34: mpweya suonjezereka kwenikweni, umangotentha. Ena amati ndiye tiikepo turbo yaikulu ya m'lole. Iyi nayo imafuna utsi wambiri kuti izungulire, choncho ponyamuka galimoto imakhala yaulesi ndi yofuka, ndipo ikadzuka imakankha mpweya woposa umene injini ingameze, mpweyawo nkumabwerera m'mbuyo ndi kugwedeza mapiko.

Khomo lachitatu ndi mapaipi ndi intercooler. Pano pali lamulo la masamu losavuta. Mukafuna kudutsitsa mpweya wochuluka kawiri m'paipi yomweyo, mphamvu yotayika pokankha imachuluka kanayi. Paipi yopindika kwambiri, yophwanyika, kapena yolumikizidwa ndi mphira wa chubu imadya phindu lonse la turbo. Intercooler yodzaza matope kunja kapena oyilo m'kati imalowetsa mpweya wotentha, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, uli ndi okosijeni wochepa.

Khomo lachinayi ndi hedi ya injini ndi mavavu ake. Mabowo amenewa anapangidwa molingana ndi mphamvu imene injiniyo inayenera kutulutsa. Apa mpamene amalakwitsa amene amamangirira turbo pa injini imene inabadwa yopanda turbo. Injini ya turbo imakhala ndi mapisitoni olimba, kawirikawiri oziziritsidwa ndi oyilo wopoperedwa kunsi kwake, ndipo imapanikiza mpweya mocheperako m'silinda. Injini wamba ikapatsidwa turbo zinthu zimenezi palibe, gasiketi imapsa, hedi imang'aluka, kapena pisitoni imabooka.

Khomo lomaliza ndi ekizozi. Utsi ukapanda kutuluka bwino, mpweya watsopano ulibe polowa. Ekizozi yophwanyika pa mwala kapena yodzaza mwaye imatsamwitsa injini ngati munthu amene wauzidwa kuti azithamanga atatseka pakamwa.

Njira yotchuka kwambiri, poti ndi yotsika mtengo, ndiyo kukweza pampu kuti izipereka dizilo wambiri. Imeneyi ndiyo kutembenuza dongosolo la Büchi, mafuta poyamba, mpweya osauganizira. Mphamvu imakwera pang'ono, nzoona. Koma dizilo wotsalayo amatuluka ngati mwaye, kutentha kwa utsi kumakwera mpaka kuononga mapisitoni ndi turbo, ndipo ndalama imene inalipidwa pothira mafuta imathera m'mlengalenga. Amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali umboni wina woopsa woti mpweya ndiwo mwini injini. Turbo ikatha nkuyamba kudontheza oyilo m'njira ya mpweya, injini ya dizilo ingayambe kuyaka oyilo wake womwe. Imathamanga yokha mopenga ikutulutsa utsi wambiri, ndipo ngakhale muzule kiyi siizima, poti sikudaliranso pampu. Imaima pokhapokha mutaitsamwitsa, potseka polowera mpweya ndi thabwa kapena chinthu china cholimba, osati ndi dzanja, kapena poilowetsa giya yomaliza mutaponda mabuleki nkusiya kilachi. Mukachedwa, imathamanga mpaka kusweka.

Amene amalipira

Wina anganene kuti galimoto ndi yake, achite nayo zimene akufuna. Koma taonani amene amalipira. Mwini minibasi amene anaigula pa ngongole amapezeka akugula injini ina chaka chisanathe. Dalaivala ndi kondakitala amakhala pakhomo masabata angapo opanda cholowa. Apaulendo amatsitsidwa pakati pa njira usiku injini itatentha pa chitunda. Ndipo amayi ogulitsa tomato ndi mandasi m'mbali mwa msewu pa Lirangwe ndi pa Lunzu, pamodzi ndi ana amene ali kumbuyo kwawo, amapuma mwaye umenewu tsiku lonse. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Amayiwa sanakweze pampu ya munthu, koma ndiwo akumeza zotsatira zake.

Sindikunena kuti injini singaonjezeredwe mphamvu. Mbiri yonse imene tafotokozayi ndi ya anthu amene anaonjezera mphamvu. Koma onse amene zinawayendera, kuyambira Büchi pa sitima za ku Germany mpaka Moss pa phiri la Pikes Peak, anayamba afunsa kuti mpweya ukupanikizika pati, nakonza pamenepo, nauziziritsa, nalimbitsa zitsulo, kenaka nkuonjezera mafuta. Makaniko wabwino amachita chimodzimodzi. Galimoto ikabwera ikufooka ndi kufuka, amayamba waona sefa, mapaipi ngati akutaya mpweya, intercooler, manozo ndi ekizozi, asanakhudze pampu. Nthawi zambiri mphamvu imene mwini galimoto akuisaka inalipo kale, inangotsekeredwa ndi fumbi. Dalaivala naye ali ndi mbali yake: kusintha oyilo pa nthawi yake, ndi kuisiya injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri akafika kuchokera paulendo wautali, kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Kwa achinyamata amene mukufuna kudzakhala amakaniko, musamathawe masamu ndi sayansi poganiza kuti ntchito ya sipanala siifuna sukulu. Kudziwa kuti paipi ikakula kawiri m'mimba mwake malo odutsa mpweya amakula kanayi ndi masamu a Fomu 2, koma ndi amene amasiyanitsa makaniko wokonza injini ndi makaniko woipha. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

 Amene mukudziwa zambiri za sitima zakale za pa Lirangwe kapena ndege zimene zinkatera pa Chileka, makamaka inu achikulire amene munagwirako ntchito, tiuzeni kuti tonse tiphunzire.